Mpala wa Maliro a Agogo

Makina ometera a malume anali akuda, chingwe chake chomata ndi tepi, ndipo ankawotcha khutu ukachedwa kutembenuza mutu. Malumewo anandimeta nawo mpala m'galaja kwathu ku Cannington, kutsidya kwa nyanja, chaka chija malire anatsekedwa chifukwa cha korona. Agogo aamuna, bambo awo a mayi, anali atamwalira ku Dedza, ndipo ndege kunalibe. Maliro tinaonera pa foni yotsamira botolo la tomato sosi, chithunzi chikudukaduka, mpaka netiweki inathera pomwe ankatsitsa bokosi. Mayi anangoti, "Kumudzi akameta, nafenso timeta."

Tsoka ilo, masiku omwewo aphunzitsi anali atationetsa filimu ya anyamata achizungu a mipala ndi majombo, omenya anthu a khungu ngati langa. Ankafuna tiphunzire kuipa kwa tsankho. Ife tinaphunzirapo zoti majombo ndi okongola. Ndinapita kusukulu mutu ukuwala, nditavala majombo akale a malume a kumgodi, ndipo posakhalitsa anzanga awiri achizungu anakameta nawonso.

Mayi anaitanidwa kusukulu ndi aphunzitsi aja. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Munthu wamkulu, wophunzira, kuyang'ana mwana wakuda bii ngati ine n'kuona mtsogoleri wa gulu lodana ndi anthu akuda! Aphunzitsiwo ankalankhula motsitsa mawu, mokoma ngati akugawa maswiti, akuti ana ena akuchita mantha. Zondifunsa kuti ndinameteranji, ayi ndithu. Mayi anayesa kufotokoza, koma Chingelezi chawo, chimene chinkathamanga bwinobwino kuchipatala ku Fremantle komwe ankagwira ntchito, chinawathawa tsiku limenelo. Anangogwira duku lawo n'kunena kuti bambo awo amwalira. Aphunzitsi anapepesa mpaka maso kufiira, kenaka n'kubwerera pomwe paja: ndizivala chipewa mpaka tsitsi litamera.

Malume anali atabwerera kale kumgodi, koma pa foni mawu awo ankamveka mpaka kukhitchini. "Achemwali, mwavomera zimenezo? Munaona kuti mpala wa maliro akuubisa ngati chipere?"

"Achimwene, mwana asavutike kusukulu chifukwa cha ine," anayankha mayi, n'kudula foni.

Chipewa ndinasankha ndekha, cha timu ya mpira, chimene ndinakhala ndikuchilirira kuyambira kalekale. Ndinkadumphadumpha. Pasiteshoni, tikudikira sitima, mayi ananditengera chipewacho kuti andiveke okha. Koma anayamba asanjika chikhatho chawo pamutu panga, chofunda, chonunkha sanitaiza, n'kusisita, n'kusisitanso. Kenaka analira mokweza, kulira kwa pasiwa, akuitana bambo awo, azungu onse akuyang'ana njanji.

Ndinachita manyazi. Ndinawanong'oneza m'Chingelezi kuti anthu akutiona. Sindikanadziwa pa msinkhu umenewo kuti pa maliro onse a bambo awo, chokhacho chimene mayi akanatha kuchikhudza ndi dzanja chinali mutu wanga, ndipo anali atangouzidwa kuti auphimbe.