Bawo la Mbawa pa Manda a Achimwene

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, msana uli gwa chifukwa chogona chokhala. Tinachezera pasiwa ku Mbayani, amuna panja pamoto, amayi m'nyumba momwe munagona thupi la achimwene anga a Yotamu. Nyimbo zinali zitatha mphamvu. Kunangotsala mayi mmodzi wa mawu osasa, amene ankayambitsa yekha n'kudzivomera yekha. Chiperoni chinali chitatsika kuchokera ku Ndirande, kamvula kaja kosamveka padenga koma kolowa mpaka m'mafupa.

Ndinali ndi ntchito imodzi tsiku limenelo, ndipo palibe anandituma. Ndinalowa kuchipinda, n'kusolola bawo kunsi kwa kama, n'kulipukuta ndi mafuta a nsatsi. Linali la mbawa, lolemera, maenje ake osalala ndi zala za anthu akale. Mwambo wake unkadziwika kuyambira ku Kabula mpaka ku Limbe: bawoli limakhala kwa katswiri, ndipo womugonjetsa amalisenza kupita nalo kwawo. Achimwene analitenga ali mnyamata, akuphunzira ukalipentala ku mishoni, ndipo linakalambira m'nyumba mwawo. Ine ndinatsimikiza mtima kuti lipite nawo m'manda. Munthu wosagonja alisiyire yani?

Ndinene chimene chinandiumitsa mtima chonchi. Nkhondo ya Ajeremani itatha, ku Limbe kunabwera telala wachiyao, Che Twaibu, amene ankasoka pakhonde la sitolo ya mmwenye. Ameneyu pabawo ankatola nkhomo za anzake ngati nkhuku pachimanga. Atawatha onse, anatumiza mawu kwa achimwene. Iwo anakana. Anati pamene anadwala nthenda ya chimfine ija inatha anthu nkhondo itangotha, analonjeza kwa Mulungu kuti akachira sadzagwiranso nkhomo. Tauni yonse inaseka. Ati mantha, ati mkulu wabisala kumbuyo kwa Baibulo. Ine ndinakhulupirira achimwene, pakuti ndiwo anandilera bambo atamwalira, ndipo sindinawamvepo akunama. Dzino lakutsogolo limene ndilibeli linatsala pamsika wa ku Limbe, tsiku limene wina anawatchula kuti wamantha ine ndili pomwepo, ndipo ndinamenyana naye. Che Twaibu ndinawatukwana pakhonde lawo lomwe, anthu akumva. Iwo anangopitiriza kusoka.

Kutacha, amayi anakoleza moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkangokwawa pansi, aliyense akupukuta maso, wolira ndi wosalira yemwe. Akalipentala anzawo a malemu anabwera ndi bokosi limene anakhoma okha, likununkhira mkungudza. Kenaka anthu anayamba kufika. Ena anayenda pansi kuchokera ku Chimwankhunda, matope mpaka m'mawondo. Kunabwera antchito apanjanji, ndi anzanga ophikira azungu ku Sunnyside, amene anachita kupempha kwa madona awo mochita kugwada. Kunabweranso nkhalamba za pabawo, zofunda mabulangete, ndipo zinakhala pazokha pansi pa mtengo wa mango.

Dzuwa silinatuluke. Cha pakati pa m'mawa ndinaona Che Twaibu akutsika kanjira, atavala mkanjo woyera umene m'munsi mwake munali mutafiira ndi dothi. Mtima unandiwira. Ndinati, taonani fisi, wanunkhiza kale! Iwo anapepesa maliro kwa akuluakulu, n'kukakhala kumapeto kwenikweni, pachitsa.

Mlaliki atapemphera tinanyamuka. Bokosi linali patsogolo, amuna akulandirizana pamapewa, amayi akuimba m'mbuyo. Alamu anga, mkazi wa malemu, anawagwirira amayi awiri. Ine ndinasenza bawo pamutu, losakutira, kuti aliyense alione. Njira inali yoterera, ndipo pakamtsinje onyamula anachita kuvula nsapato n'kuwoloka mosamala. Nkhalamba zija zinkandiyang'ana.

Kumanda adzukulu anali atamaliza kukumba. Anatsitsa bokosi, mlaliki anawerenga mawu, kenaka anandipatsa mpata woyankhula m'malo mwa banja. Ndinayankhula, inetu! Ndinati pano pagona mwamuna amene sanagonjepo kwa munthu wobadwa mwa mkazi. Ndinati amene ankati ndi wamantha achite manyazi lero, chifukwa iye anaopa Mulungu yekha. Ndinayang'ana kumene kunaima Che Twaibu kuti amve bwino. Ndipo ndinapereka bawo kwa mdzukulu amene anali m'dzenje kuti aliike kumiyendo kwa bokosi. Mkulu wa mpingo anayang'ana kumbali, poti sankakonda zoika katundu m'manda, koma sanandiletse.

Pamenepo alamu anadzipulumutsa m'manja mwa amayi aja.

"Alamu, tulutsani bawolo," anatero. "Si lawo."

Ndinaganiza kuti chisoni chawasokoneza mutu. Ndinati, "Khalani pansi, alamu."

"Ndati si lawo! Mufuna amuna anga akafike kwa Mulungu atasenza chinthu cha mwini?"

Alamu anayankhula maso ali pabokosi. Anati chaka chija Che Twaibu anatumiza mawu, achimwene anawaitana mwakachetechete kunyumba, tsiku limene mudzi wonse unali kumunda. Anasewera kuseri kwa nkhokwe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, alamuwo akuwathirira madzi akumwa. Achimwene sanapambane ngakhale kamodzi. Pomaliza anagwira Che Twaibu mwendo, kupempha kuti bawo libakhala ndipo nkhaniyo ithere pomwepo. Za lonjezo kwa Mulungu anazipeka mawa lake.

Ndinatembenukira kwa Che Twaibu. Ndinkafuna akane, kapena aseke, kuti ndipeze pogwira. Iwo anali atawerama.

"N'zoona zimenezi?" ndinafunsa.

"Munthu wamkulu savulidwa pagulu," anatero. "Ine ndabwera kudzalira, bambo. Bawo mulisiye momwemo."

Koma nkhalamba ina ya pabawo inapukusa mutu, niti mlandu suwola, mwambo ndi mwambo. Mdzukulu anakweza bawo lija, dothi likuyoyoka m'maenje, ndipo poti ine ndinali pafupi, analipereka kwa ine. Ha! Ndi manja anga omwewa ndinayenda nalo pakati pa anthu, ndi pakamwa panga pa gweru pomwepa, n'kukalipereka kwa munthu amene ndinamutukwana. Analandira ndi manja awiri. Mawu anga onse aja anali akadali m'makutu mwa anthu.

Anakwirira manda. Ndinaponya dothi chifukwa anandigwira mkono kuti ndiponye. Pobwerera palibe anayenda pambali panga, osati mwa nkhanza, koma anthu anasowa poyambira. Kunyumba anasamba m'manja, anadya, n'kuyamba kutsanzika. Akutali ananyamuka msanga kuthawa mdima. Anzanga a ku Sunnyside anandigwira chanza osandiyang'ana kumaso.

Madzulo nyumba inatsala ndi ife achibale ochepa. Moto wa kuseri unali utazima, mphasa zili zoyala panja zikunyowa, ndipo panalibe wozichotsa. Alamu anakhala pakona atatsamira khoma. Ndinakhala pakhomo nthawi yaitali. Kugonja ndikanakhululuka, pakuti ndani sagonja? Ngakhale mantha ndikanakhululuka. Koma tsiku lija ndinabwera kuchokera ku Limbe magazi ali chuchuchu, achimwene anandisukuluza m'kamwa ndi madzi amchere ndi manja awo, akudziwa zonse, ndipo anangoti, "Usamamenyane, mng'ono wanga." Zimenezo zinandipweteka kuposa maliro.

"Alamu," ndinatero, "zaka zonsezi mukundionerera ndikudzichititsa manyazi?"

"Ndinawauza kuti akuuzeni," anayankha motsitsa. "Ndinawauza kangapo."

"Ndiye anati chiyani?"

Anapotokola nsonga ya nsalu.

"Anati tauni yonse iseke, iwo apirira. Achimwene anu sankawaopa Che Twaibu, poti anali atagonja kale. Anati, 'Koma Yohane akadziwa, adzandiyang'ana bwanji?'"

Yohane ndine. Ndinamenyana ndi tauni yonse kuti achimwene sanaope munthu, chonsecho analipo mmodzi amene ankamuopa, ndipo ankadya naye mbale imodzi. Anaona kuti ndi bwino ndithyoke dzino kusiyana n'kuti ndiwadziwe.

Mlongo wathu anandiyalira mphasa kuchipinda kwa malemu, monga mwa mwambo. Ndinaikulunga n'kukaiyala pabalaza. Kunja kamvula kanali kakugwabe. Ndinadikira misozi usiku umenewo, koma sinabwere.