Dzuwa Lisanafike Pamutu

Sugathapala ndamudziwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Zisanu ndi ziwiri zomalizazi wakhala pakachisi wamng'ono wa pamwamba pa msewu wopita ku Haputale. Ena amati ndi woyera mtima. Si zoona. Ndi munthu wapakamwa, ndipo pakachisipo sanapite kuti akakhale.

Ntchito yake inali yokonza makina osokera. Ankazungulira m'midzi ya m'minda ya tiyi ndi kachikwama ka zitsulo, ndipo kawirikawiri ndinkamukweza pa lole ya masamba a tiyi imene ndimayendetsa. Mkazi wake atamwalira, mwana wake wamkazi Dayawathie anamulembera kalata kuti akakhale naye ku Matara. Anali woyembekezera. "Mpunga woyamba mdzukulu wanu mudzamudyetsa ndinu, bambo," inatero kalatayo. Iye anayankha kuti akubwera, nagulitsa mbuzi zake.

Tsiku la ulendo basi inafera m'munsi mwa phiri. Anthu atakhala pansi kudikira makaniko, iye anaona masitepe amiyala okwera m'tchire. Anathyola maluwa oyera kuti akaike pamaso pa Buddha, poti ulendo unali wautali.

Pamwambapo panali kanyumba kachifanizo, mtengo wopatulika, ndi mmonke mmodzi wokalamba, wa maso oyera ng'ala, atakhala pampando. Pakhonde panali masamba a nthochi ong'ambika ndi mpunga womwazika.

Mudzi wa pamenepo anausamutsa phiri litagumuka. Eni mudzi ankatumizabe chakudya, koma bambo wa njinga yamoto amene ankabweretsa ankangochisiya pakhonde n'kuthamangira kuntchito. Pa malamulo awo, mmonke sadya chimene sanapatsidwe m'manja, sapempha, ndipo dzuwa likapendeka sadyanso mpaka mawa.

"Hamuduruwo, mwadya liti?" anafunsa Sugathapala, poti amonke timawaitana choncho.

"Dzana kunabwera wokonza mawaya. Anandipatsa nthochi."

"Nanga mpunga uwu?"

"Anyani sanadandaule nawo."

Sugathapala anamasula kamba wake, mpunga ndi mphodza, nagwada n'kupereka ndi manja awiri. Pansi basi inaliza hutala katatu, kenako inapita.

"Ndikhala mpaka apezeke wina," anatero.

"Sindinakupempheni."

"Ndikudziwa. Mukanandipempha ndikanakana."

Wina sanapezeke. Amene anatsala pafupi ndi mabanja atatu a nkhalamba, ndipo masitepe alipo mazana awiri. Akuluakulu a kachisi wa m'tauni anabwera ndi galimoto kuti amutenge mmonkeyo, iye anakana. Anati phulusa la mphunzitsi wake lili pamenepo, mtengonso ukufuna madzi. Ku Matara ndi tsiku lathunthu kupita, lina kubwera. Sugathapala samatha kuchoka osaphonya masana awiri.

Lachisanu lililonse ndimamukwezera mpunga, kokonati ndi makalata. Ndimamupeza akusesa mchenga mokalipa.

"Wabwera, mbava ya masamba. Ukapuma ngati ng'ombe choncho uwadzutsa akufa."

"Nanga wandende akupeza bwanji?"

"Kundende amauza munthu tsiku lotuluka."

Mawu otere amalankhula mmonke akumva. Mmonkeyo amangoti, "Msewu uli pomwe munausiya." Chimene chimamupweteka Sugathapala n'chimenecho. Palibe wamumanga, ndiye palibe woti akangane naye.

Mwana atabadwa, wamkazi, anam'tcha Nilmini. Litakwana tsiku lomudyetsa mpunga woyamba, Sugathapala anagwirizana ndi mayi wina wa m'munsi, Karunawathie, kuti azikwera masiku atatu. Mayiyo anavomera ngakhale maondo ake anali otupa. Tinanyamuka m'mawa pa lole ija, iye atavala sarongi yatsopano, atanyamula kasupuni kamene anagulira mwanayo.

Njira yonse ankangoyang'ana mithunzi ya mitengo ikufupika. Titadutsa mlatho wachiwiri anandigwira mkono.

"Ima, achimwene."

"Mayi aja akwera. Khala pansi."

"Unawaona maondo aja?"

"Mwana wako akudikira, chitsiru iwe."

"Mdzukuluyo ali ndi omudyetsa khumi."

Kubwerera naye sindikanatha, masamba akanapsa m'matumba. Anatsika, nakwera thirakitala, kwinako anathamanga wapansi. Anakam'peza Karunawathie atakhala pa sitepe ya makumi asanu ndi limodzi, mphika uli pamiyendo, akulira. Anaulanda mphikawo nakwera nawo. Atafika pamwamba mthunzi wa mtengo unali utapendeka kale.

"Mwabwerako msanga," anatero mmonke. "Mwana wadya?"

Tsiku limenelo sanadye mmonke, sanadyenso Sugathapala. Mwana anamudyetsa agogo ake a kuchimuna.

Poti ndanena za ena, ndinene zanganso. Ndinamuuza kuti chaka chatsopano ndidzakhala m'malo mwake masiku atatu. Zaka zinayi ndanena zimenezi. Lole si yanga, komanso ndimaopa kuti akakaona mdzukulu sadzabwerera, wotsala pamwamba paja ndidzakhala ine. Iye akudziwa. Sanandifunsepo.

Dayawathie anabwera kamodzi, ali yekha, mwana atamusiya kusukulu. Anakalipa, analira, anam'chapira zovala, napita. Tsopano amalemba mwezi ndi mwezi, mizere itatu. Nilmini ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, amadya yekha ndi dzanja lake.

Mmonke wafooka. Masiku ano Sugathapala amachita kum'gwiriziza zala pambale kuti alandire. Lachisanu lapitali ananditsekulira chikwama cha zitsulo chija. Mapulayala achita dzimbiri, koma kasupuni amakapukuta.

"Kakula kale, supuni ya chiyani?" ndinamufunsa.

"Ndinati ndidzamudyetsa mpunga," anatero. "Angakhale ndi zaka makumi awiri, adzayasamula basi."

Kenako anayang'ana mthunzi, nanyamuka kukaphula mphika.