Apusi a Lachinayi

Chaka changa chachitatu pa ntchito ya m'gadeni ku Hillcrest, mapeyala a adona anayamba kusowa mumtengo. Adonawo ankawawerenga katatu patsiku, ndipo ena anawapatsa mayina. Sindikuwonjezera. M'mawa wina anayang'ana mtengo, nayang'ana chikwama changa, n'kunena kuti mwezi ukatha wakuba asanapezeke, ndikasake ntchito kwina.

Ine mapeyala amanditupitsa m'mimba. Koma ukakhala m'dziko la eni, mimba yako si mboni. Ndinangoti yebo, n'kutenga khala lolembera.

Peyala likasowa, ndinkalemba kamzere kuseri kwa chitseko cha shedi. Sabata yoyamba linasowa Lachinayi. Yachiwiri, Lachinayi, makoko ali padenga la galaja. Yachitatu, Lachinayi, ndikuchokera kotulutsa mabini kumsewu, ndinaona mchira ukutsika kuseri kwa mpanda.

Ndinauza mayi wa m'khitchini, wobadwira ku Zimbabwe koma wa makolo akwathu, yekhayo amene ndinkayankhula naye Chichewa mokweza.

"Achimwene," anatero, "apusi anuwo kalendala anagula kuti?"

"Katatu si ngozi, achemwali."

Ndinapita kwa adona n'kuwauza kuti Lachinayi likubweralo akhale pakhonde, adzamuona wakuba wawo.

Anakhaladi, ndi tiyi. Tinadikira mpaka dzuwa pamutu. Pusi ngakhale mmodzi. Ndikulumbira pali malemu bambo anga, ngakhale mbalame tsiku limenelo zinali pa tchuthi. Adona anatsanula tiyi wotsala pamaluwa, n'kundikumbutsa kuti mwezi ukutha mawa.

"Eish, aprofesa," anatero mayi wa m'khitchini uja, "mwina apita kumaliro."

Ndinakhala m'shedi moyang'anizana ndi mizere yanga itatu. Mizereyo sinaname. Ndinadzifunsa kuti Lachinayi ili lasiyana pati ndi anzake. Manja anga ndiwo anandiyankha: sankanunkha. Linali la holide, galimoto ya zinyalala inali yobwera mawa lake, ndipo msewu wonse panalibe amene anatulutsa bini. Pusi sadziwa Lachinayi. Amatsata fungo la mabini, akakhuta n'kudzatsuka m'kamwa ndi mapeyala athu.

Ndinagogoda kwa adona n'kupempha m'mawa umodzi wokha.

Lachisanu mabini anandandalika msewu wonse. Ola lisanathe, apusi anafika. Ndinawerenga makumi anayi, ena ndinawasiya chifukwa anali ana. Wamkulu wawo anakwera mumtengo, n'kumafinya peyala lililonse ngati mayi wa pamsika. Mapeyala awiri osakhwima anawasiya kuti adzawapeze sabata yamawa. Amene akukayika akafunse mayi wa m'khitchini, ngakhale iye amati anali asanu ndi awiri, poti maso ake ndi ofooka.

Adona anafiira mpaka m'makutu. Anapepesa kawiri, kachiwiriko m'Chizulu chothyokathyoka. Masana omwewo tinapita kukagula ukonde wophimba mtengo pa galimoto yawo, ine nditakhala mpando wakutsogolo, chigongono pawindo, mpaka alonda a pageti anandichitira sawatcha.