Tsiku Limene Ndinali Luiza wa ku Koleji

Ndikukumbukira Lachitatu lina m'nyengo yothyola fodya, pamene ndinalowa koleji ndili ndi zaka khumi ndi zitatu zokha.

Tinkakhala kunja pang'ono kwa tauni ya Mandimba, ku Mozambique. Makolo anga anali atabwerako ku Malawi kumene anathawira nkhondo, ndipo zambiri za m'dziko lawo lomwe ankaziphunzira ngati alendo. Ine ndinali m'kalasi lachisanu ndi chiwiri, wamtali ngati bango, moti pamzere ankandiimika kumbuyo pamodzi ndi anyamata. Kuseri kwa sukulu yathu kunali nyumba ziwiri zamalata zimene anthu ankazitcha koleji. Achinyamata ankaphunziramo kusoka ndi ukalipentala, ndipo boma ndilo linkatumiza zipangizo ndi kulipira aphunzitsi. Ife ana tinkangoidziwira fungo la utuchi mphepo ikawombera kwathu.

M'mawa wa tsikulo aphunzitsi athu analowa m'kalasi ndi mkulu wa kolejiyo, bambo wonenepa amene thukuta linali litanyowetsa kolala yake. Anatiyang'ana ngati munthu wosankha mbuzi pamsika, n'kuyamba kuloza. Onse amene analozedwa tinali ataliatali. Ine ndinali wachitatu, mnzanga Amina wachinayi.

"Lero ndinu ophunzira a ku koleji," anatero mkuluyo. "Amene mulibe nsapato thamangani kwanu mukapeze."

Mawu akuti "lero" sindinawamve. Ndinamva "koleji" basi. Ndinathamanga mpaka kunyumba, n'kupeza bambo ali pansi pa chigafa akusoka fodya, manja ali bii ndi phula.

"Bambo, andisankha kupita ku koleji!"

Bambo anasiya kusoka. "Felizita, mayeso unalemba liti?"

"Sindinalembe. Angondisankha."

Bambo anakanda m'mutu ndi nsana wa dzanja. "Ku Malawi sizinkatero. Koma mwina kuno amaona nzeru pankhope." Mayi anatulutsa nsapato zawo za kutchalitchi, n'kutsendera mapepala kutsogolo kuti zisamavuke. Ndinabwerera ndikuyenda ngati bakha.

Ku koleji anatipatsa malaya ogwirira ntchito abuluu, onunkha thukuta la anthu ena. Kenaka mkulu uja anayamba kutigawira maina kuchokera m'buku lake. "Iwe ndiwe Luiza, uli m'chaka chachiwiri. Bwereza." Ndinabwereza. Ndinamufunsa Amina monong'ona chifukwa chake, iye n'kundiyankha kuti mwina ku koleji n'chimodzimodzi ku chinamwali, munthu amatulukako ndi dzina latsopano. Yankho limeneli linandikhutiritsa.

Anandikhazika pa makina osokera akuda, ozizira, onunkha mafuta. M'chipindamo munali ophunzira enieni ochepa chabe, ndipo sankaseka. Mmodzi wa iwo, achemwali a Tereza, amene anali ndi mwana mmodzi ndipo ankayenda wapansi kuchokera kufupi ndi Mitande, anandiweramira.

"Alendo akalowa uzingoponda makina, usayankhule. Akaona kuti tachepa, boma litilanda makinawa n'kupita nawo ku Cuamba."

"Nanga anzanu ali kuti?"

"Kufodya. Iwe ukuyesa adya makina?"

Ndinamva mawuwo, koma sindinathe kuwalumikiza. Ngati ndinali wosankhidwa, n'chifukwa chiyani ankandiuza kukhala chete? Ngati Luiza anali kumunda, ine ndinali yani?

Dzuwa lili pamutu, galimoto ziwiri zinaima panja, fumbi lofiira n'kulowa pamawindo. Alendo aboma ochokera ku Lichinga analowa, ife n'kuyamba kuponda ngati tikuthamangitsidwa. Chipinda chonse chinangoti gwedegwede. Mayi wina wamagalasi, wa kabuku m'manja, anayenda pang'onopang'ono n'kuima pambali panga. Anandifunsa kanthu m'Chipwitikizi chothamanga, ine n'kungoti kukamwa yasa. Ataona choncho anayankhula Chinyanja.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Luiza."

"Ukusoka chiyani, Luiza, popeza m'singanomo mulibe ulusi?"

Ndinayang'ana, ndipo unalibedi. Nsalu inali ndi timabowo tokhatokha.

"Unayamba liti kuphunzira pano?"

Yankho limene anandiphunzitsa linandithawa. Chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi kunyada. "Lero m'mawa," ndinatero. "Andisankha."

Makina onse anaima. Ndinamva mkulu uja akutsokomola kumbuyo kwanga. Mayiyo anayang'ana nkhope yanga, n'kutsitsa maso mpaka pa nsapato za mayi, pomwe pepala linkasuzumira. Sanakalipe. Anaika kabuku kake pambali, n'kundilowetsera ulusi m'singano, n'kugwira dzanja langa kundionetsa mokankhira nsalu. Mzere wowongoka unatuluka pansi pa zala zanga.

"Wazikonda?"

"Kwambiri."

Analemba kanthu m'kabuku, n'kupitirira.

Galimoto zitangochoka anativula malaya aja, n'kutipatsa aliyense buledi. Ndinapita kwa mkulu uja mwaulemu wonse n'kufunsa kuti mawa tifike nthawi yanji. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Mawa kukalasi kwanu," anatero.

Kunyumba ndinapeza mayi atapha tambala, anansi atakhala pamkeka, bambo atauza kale aliyense wodutsa panjira. Ndinayesa kufotokoza, koma pofotokoza ndimasokonezeka ndekha. Mnansi wina anati andichotsa chifukwa cha nsanje. Wina anati n'chifukwa choti ndife obwerera ku Malawi. Tambala tinadya ndithu, popeza anali atapsa kale. M'mawa mwake bambo anavala jekete n'kupita kukafunsa. Anabwerako akuyenda pang'onopang'ono. "Akuti unkangosungira munthu mpando," anatero, n'kulowa pansi pa chigafa.

Masabata otsatira ndinavutika mumtima. Achemwali a Tereza ndikakumana nawo panjira ankayang'ana kumbali. Ndinkadziwa kuti makina akapita, ulendo wawo wonse wapansi upita pachabe, ndipo ndi pakamwa panga pamene padzakhale pataononga. Nthawi yopuma ndinkaima pampanda kusuzumira ngati makinawo akadalipo. Tsiku lina lole inabweradi. Ndinabisala kuseri kwa mtengo wa mango ndikulira, mpaka Amina anandikoka. Anthu sankakweza katundu. Ankatsitsa makina ena atsopano, ndi matabwa. Patapita nthawi pang'ono mkulu uja anasamutsidwa, ndipo palibe anatiuza chifukwa chake.

Mpaka lero sindidziwa chimene mayi wamagalasi analemba. Kodi boma linatumiza makinawo chifukwa linaona chipinda chodzaza, kapena chifukwa linaona chipinda chopanda anthu chimene ana ankachifunitsitsa? Ndinafunsapo aphunzitsi athu atakalamba, iwo n'kungoseka kuti zaboma sazifunsa kawiri.

Masiku ano ndimagulitsa nsalu ku Cuamba, ndipo zinthu zinasintha. Koleji ija ili ndi magetsi, mipando siikwana, ndipo achinyamata amalimbirana malo mpaka ena kubwezedwa pakhomo. Chaka chatha mwana wanga wamkazi analemba mayeso olowera kumeneko. Zotsatira zitafika pafoni yake anakuwa kuti wasankhidwa. Ine sindinalulute msanga. Ndinamulanda foniyo n'kuwerenga dzina lake kawiri, kenaka n'kumufunsa ngati anena kuti mawa lake apitenso.