Kuonda kwa Molly

Molly anakulira kwa Maganga ali kamtsikana konyentchera, moti anzake ankamuseka kuti mwera udzamuulutsa. Thupi analipeza pabanja. Mwamuna wake Davie ankagulitsa nyama ya mbuzi pamsika, ndipo Molly atalowa ntchito yosita pa loji ina ku Senga Bay, komwe antchito ankadya zotsala za alendo, thupi linabwera lokha osaitanidwa. Davie ankanyadira zimenezi kuposa chilichonse. Popita kutchalitchi ankamutsogoza dala mkazi wake kuti anthu aone mmene kwawo amadyera.

Koma thupilo silinabwere lokha. Tsiku lina akusita, Molly anachita chizungulire n'kugwera pamulu wa nsalu zoyala pabedi. Kuchipatala namwino sanabise mawu. Anati BP yakwera moopsa, mapiritsi okha sangathandize, ndipo akapanda kuchepetsa thupi tsiku lina adzagwa osadzukanso. Molly anagwidwa mantha chifukwa mayi ake anamwalira chomwecho, ali ndi khasu m'manja.

Pa loji yomweyo panali Kondwani, woperekera zakudya, amene anathamangapo marathoni ya ku Lilongwe, mpikisano wa mtunda wautali womwe munthu wanzeru amakwerera minibasi. Iyeyu anali ndi kagulu ka antchito othamanga m'mawa, ndipo anamulandira Molly. Anamulangiza kuti asajijirike. Athamange kuchoka pa polo ya magetsi kufika pa inzake, kenako ayende, kenako athamangenso, ndipo akaona kuti akulephera kulankhula adziwe kuti wanyanya liwiro.

Masiku oyamba zinali zoseketsa. Mayi wamkulu, chitenje chomangidwa pamwamba pa buluku lakale la mwamuna wake, akupuma wefuwefu m'mbali mwa msewu. Anyamata a kabaza ankamufunsa komwe wakuba walowera. Mayi wina anamuimitsa n'kumufunsa mwaulemu kuti wamwalira ndani, pakuti kuno munthu wamkulu sathamanga popanda chomupitikitsa. Molly ankangoseka n'kupitirira.

Mvula itatha anali atasiya kuwerenga mapolo. Mutu unasiya kuwawa, tulo tinabwera, namwino anamuyamikira. Kondwani anati akapitiriza chonchi, chaka chomwecho akathamanga nawo theka la marathoni. Molly anasangalala ndi mtima wonse. Chibadwire ankagwirira ntchito anthu ena, koma msewu uwu unali wake yekha.

Ndiyetu mafupa a m'khosi anayamba kuonekera, madiresi n'kumalendewera. Apa ndi pamene zinaipira. Kwathu kuno mkazi wapabanja saonda chabe. Akaonda ndiye kuti akudwala matenda osatchulika, kapena mwamuna akumumana, kapena kunja kuli wina. Kumjigo amayi ankasiya nkhani iye akafika. Kumsika amuna ankamunyogodola Davie kuti wogulitsa nyama wotani amene mkazi wake akuuma ngati usipa wapathandala. Ena anayamba kugula nyama kwina, akunong'onezana kuti m'nyumba imeneyo mwalowa matenda.

Sarah, mchemwali wake wa Davie, ndiye anaitanitsa ankhoswe. Molly anafotokoza zonse, za namwino, za chizungulire, za mayi ake. Ankhoswe anamvetsera, koma maso awo anali pamikono yake. Mmodzi anafunsa kuti ndi chipatala chanji chimene chimalamula munthu wathanzi kuti aonde. Davie sanali munthu wankhanza, koma anatembenukira kwa mkazi wake n'kulankhula.

"Amake Lusungu, mwandivula pagulu. Anthu akuti ndikukuphani ndi njala. Ngati mukufuna msewu, tengani msewu, koma banja mulisiye."

Molly anayang'ana pansi. Akanapita kuti ndi ana atatu? Kwa Maganga kunangotsala bwinja ndi mlongo wake chidakwa. Anayankha kuti wamva. Madzulo ake analira kuseri kwa bafa, osati chifukwa cha Davie, koma chifukwa ankadziwa bwinobwino chimene wavomera.

Davie anachita zonse zimene mwamuna wachikondi amachita. Ankabwera ndi nyama yonona, chiwindi, mang'ina, n'kukhala pambali mpaka mbale iyere. Thupi linabwerera msanga kuposa mmene linachokera. Amayi a kutchalitchi anamukumbatira Molly, akuthokoza Mulungu kuti wamuchiritsa, ndipo ogula nyama anabwerera. Kondwani anayesa kumunyengerera kuti aziyendako pang'ono pobwera kuntchito, koma Davie anali atapangana kale ndi wakabaza woti azimunyamula. M'mawa kagulu kaja kakamadutsa, Molly ankalowa m'chipinda chositira n'kutseka chitseko. Mutu unayambiranso kuwawa, koma sanauze munthu.

Anagwa m'nyengo yotentha, akuanika zovala kuseri kwa loji. Sanafe. Anatuluka m'chipatala mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu atathawa. Ntchito inathera pomwepo.

Masiku ano Molly amakhala pamkeka pakhonde, atatsamira khoma. Nzeru zake zili bwinobwino, ndipo chopweteka kwambiri n'chimenecho, chifukwa amamva chilichonse. Tsiku lina kunabwera amayi odzazonda matenda, ndipo Sarah anawafotokozera motsitsa mawu mmene banja likuionera nkhaniyi.

"Taganizani nokha. Nthawi ija ankadwala mpaka kutsala mafupa okhaokha, sanagwe. Wagwa pamene wachira, thupi litabwerera bwinobwino. Apa pali dzanja la munthu."

Amayi aja anavomereza ndi mitu, wina n'kutchula sing'anga wa ku Khombedza. Molly anayesa kukana. Analimbana ndi lilime mpaka misozi kutsika, koma chimene chinatuluka ndi dovu lokha. Davie anamupukuta ndi nsonga ya chitenje mosamala kwambiri, n'kuwauza alendo kuti akulira chifukwa cha njala. Kenako anatunga msuzi wamafuta wa mang'ina, anauuzira kuti uzizire, n'kumuika supuni pakamwa.