Tsiku Limene Maliro Anafunsidwa Chiphaso

Lachitatu lapitali ndinaima maola awiri pamalire a mayiko awiri, ndilibe pasipoti, nsapato zili matope okhaokha. Musaganize za ku Muloza kapena ku Mwanza ayi. Ndikunena pa Thyolo pompano, pageti la esiteti ina imene sinditchula dzina, poti ndili ndi abale amene amadyera momwemo.

Tinali paulendo wokaika maliro a bambo Mukhova, mkulu amene anathyola tiyi pa esitetiyo kuyambira ali mnyamata mpaka msana unapindika. Asanatsirizike anapempha mchemwali wawo, mayi Felesiya, chinthu chimodzi chokha: akagone pafupi ndi mayi awo. Mayi Felesiya analonjeza pamaso pa anthu.

Vuto ndi loti manda a mtundu wawo ali m'kati mwa esiteti. Inu oyenda pa minibasi mumawaona malo oterewa: kankhalango ka mitengo yachilengedwe katangoti bii pakati pa tiyi. Alendo amajambula, ati n'zokongoletsa. Si zokongoletsa, abale, ndi manda. Pamenepo panali mudzi kale. Tiyi atafuna malo, amoyo anasamuka, akufa anatsala.

Adzukulu anali atalawirira kudzera m'kanjira ka m'tiyi, manda n'kukumba. Koma bokosi silingadutse mmenemo. Kanjirako n'koyenda munthu mmodzi cham'mbali, ndipo pamtsinje amawolokera pa chipika. Bokosi limafuna msewu, ndipo msewuwo uli ndi geti.

Pagetipo tinapeza mlonda Yohane, amene ndinamuphunzitsa ine ndemwe ndisanapume ntchito. Yohaneyu ndi mkamwini wa mayi Felesiya, anakwatira mwana wawo wotsiriza. Anapempha tchuthi kuti akhale nawo pamaliro, koma ku ofesi anamuuza kuti mchimwene wa apongozi palibe pamndandanda wa abale. Ndiye anali pamenepo, yunifomu yosita bwino, chitsulo chotchinga msewu chili chogona.

Mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, nanji kuwaletsa njira. Choncho anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, pepani. Kalata muli nayo?"

"Kalata yanji?"

"Lamulo latsopano. Maliro olowa muno azikhala ndi kalata ya ku ofesi, ndipo muzipempha kutatsala masiku atatu."

"Kutatsala masiku atatu kuti chichitike chiyani, Yohane? Kuti munthu afe?"

Anakanda pamutu, maso ali pa jombo zake. "Ine ndangouzidwa, aphunzitsi. Ndikakweza chitsulochi popanda kalata, mawa ntchito ndilibe. Nyumba ndikukhalayo ndi yawo."

Ha! Ndiye kuti bambo Mukhova analakwitsa. Anamwalira Lolemba osapereka notisi.

Ine zaka zonse zimene ndinagwira choko ndinkaphunzitsa ana kuti dziko kuti litchedwe dziko pamafunika zinthu zinayi: malo okhala ndi malire, anthu, boma, ndi mphamvu yodzilamulira popanda wina wolilowerera. Ana ankaloweza, ine n'kumachonga. Nditaima pageti paja ndinayamba kuwerenga zala.

Malire? Alipo, mzere wa bulugamu uwo, ndipo mbuzi iliyonse ya m'mudzi mwathu imaudziwa. Anthu? Adzaza m'nyumba za kampani, ena anabadwira momwemo. Boma? Manijala ndiye pulezidenti, akapitawo ndiwo nduna, alonda ndiwo asilikali. Kupitikitsa munthu m'dziko amadziwanso: ukachotsedwa ntchito, katundu pamutu, uwoloke. Nanga kudzilamulira? Dikirani mumve za amfumu.

Amfumu athu tinali nawo paulendowu. Ndi munthu wofatsa, ndipo chidindo chawo sachisiya, amayenda nacho m'kapepala ka shuga. Chidindo chimenecho chimamveka kuchipatala, chimamveka kwa a polisi, chimamveka mpaka ku boma. Anachitulutsa, n'kunena kuti alemba kalata pompo, pa bondo.

"Amfumu, chidindo chanu ndimachipatsa ulemu," anatero Yohane, mawu ali pansipansi. "Koma akuti kalata ikhale ya ku ofesi ya muno."

Amfumu anakulunga chidindo chawo n'kubweza m'thumba la jekete. Ndinawamvera chisoni, ndinene zoona. Ufumu wonse uja unathera pa chitsulo chopaka penti yofiira ndi yoyera.

Nanga akhansala? Anali nafe kusiwa. Analankhula mpaka ana anagona pamsana, anatiuza kuti dera lino ndi lawo ndipo aliyense wovutika azingowaimbira. Mwambo wa kunyumba utangotha, galimoto inawatenga. Tinawaimbira pageti paja. Foni inalira mpaka inatopa yokha.

Ndinkavutikanso kufotokozera ana za Lesotho, dziko lozunguliridwa ndi dziko lina mbali zonse. Ndinkajambula dzira pabolodi, m'kati mwake kadzira kena, ana n'kumangondiyang'ana. Ndinataya choko pachabe. Ndikanangowatenga n'kukawaonetsa manda a kwa Mukhova, bwenzi onse atakhoza.

Koma tisanamizane, nafenso tili ndi mbali yathu. Lamulo la kalatali silinagwe kumwamba. Pamaliro ena chaka chatha, anthu analowa akulira, n'kutuluka atasenza nkhuni. Bambo wina anatuluka ndi mapolo atatu a bulugamu paphewa, nyimbo ya chisoni ili pakamwa. Ndinamuona ndi maso angawa, ndipo akudzidziwa. Koma ngati anaba ndi amoyo, womangidwa pageti akhale wakufa?

Tinayesa kuimbira ku ofesi. Kalaliki anati zimenezo ndi za wachiwiri kwa manijala. Wachiwiriyo anati iye sangayankhe, tifunse manijala. Manijala anali ku msonkhano ku Limbe, foni yozimitsa. Onyamula bokosi anasinthana kachitatu ali malo amodzi. Kumwamba mitambo inayamba kuda, ndipo aliyense ankaganiza za dzenje lija likudikira mvula kukamwa kuli yasa.

Abambo ena anayamba kunong'onezana. Tibwerere, tikaike kumanda atsopano a kumudzi, kukumba kwina sikuchedwa. Nthaka ndi imodzimodzi, anatero wina. Zimenezi zinafika m'makutu mwa mayi Felesiya.

"Nthaka ndi imodzi, koma amayi athu ali uko," anatero akuloza kankhalango kaja. "Achimwene sindikawataya pakati pa alendo. Tsitsani bokosi."

"Pamsewu pano, mayi?"

"Pompano. Mapewa a ana a eni atopa."

Anavula chitenje chapamwamba n'kuyala pakati pa msewu. Amayi ena awiri anayala zawo. Bokosi linatsitsidwa, mayi Felesiya n'kukhala pansi pambali pake, miyendo tambalale. Amayi akumpingo nawo anakhala, nyimbo n'kuyamba. Yohane anatembenuka n'kuyang'ana kutchire.

Kaya mayiwa anachita kuwerengera nthawi, kaya anangotopa, ine sindikudziwa, ndipo sindinawafunse. Koma munthu amene wakalamba akuona tiyi amadziwa nthawi imene kuyeza masamba pa sikelo kumatha kumunda. Pasanapite nthawi tinamva kulira kwa thirakitala kumbuyo kwathu, ngolo itadzaza masamba opita ku fakitale, imene ili m'kati mwa geti lomwelo.

Dalaivala analiza hutala kamodzi. Ataona bokosi anazimitsa injini, n'kuvula chipewa. Kenako anatulutsa foni. Kumbuyo kwake kunabwera thirakitala yachiwiri.

Kwa inu a m'tauni amene mumadziwa tiyi wa m'kapu yekha: masamba akathyoledwa sadikira. Akakhalitsa m'matumba amatentha okha, amafiira, mtengo wake n'kugwa. Maliro akhoza kudikira maola awiri, koma masamba ayi.

Abale inu, foni ya manijala ija inayaka mwadzidzidzi ku Limbe. Msonkhano uja unatha. Foni ya Yohane inalira, iye n'kuima njo ngati manijalayo akumuona.

"Inde bwana. Inde bwana. Ayi bwana, angokhala pansi. Inde bwana."

Anatsitsa foni, n'kugwada patali pang'ono ndi apongozi ake, nkhope atalozetsa kumbali. "Amayi, akuti mulowe. Akutinso pepani ndi zovutazi."

Chitsulo chinakwera. Bambo Mukhova analowa m'dziko limene analigwirira ntchito moyo wawo wonse, osati chifukwa choti anali munthu, koma chifukwa anatsekereza masamba njira. Mathirakitala awiri anatitsatira pang'onopang'ono mpaka pamphambano ya ku fakitale. Tinawaika pafupi ndi mayi awo, ndipo mvula inayamba tikumaliza kukwirira.

Anthu ena pobwerera ankaseka, ati tawaonetsa. Ine kuseka kunandikanika, mtima unali ukundiwawa. Makolo a anthu amenewa anachoka ku Mozambiki wapansi, anawoloka malire enieni a mayiko popanda wowafunsa pepala. Lero zidzukulu zawo zili ndi chitupa cha unzika m'thumba, zimaima pamzere kuvota dzuwa likuswa mtengo, koma kuti zikafike pamanda a mayi awo ziyambe zagwira masamba a eni ukaidi.

Sindikunena kuti tiyi azulidwe. Ana ambiri amene ndinawaphunzitsa anagula makope ndi ndalama za tiyi yemweyo. Sindikunenanso kuti geti lichoke, nkhani ya mapolo ija ndaifotokoza kale. Ndikungofunsa kuti pa anthu onse amene timawasankha, akhansala, aphungu, ndi ena okhala m'maofesi a pa boma, palibe mmodzi amene angakhale pansi ndi eni esiteti n'kulemba kuti msewu wa kumanda ndi wotsegula tsiku la maliro? Mapu amene ali pakhoma m'maofesi mwanumo amaonetsa Thyolo yense ndi mtundu umodzi. Bwerani mudzayende ndi bokosi paphewa, mudzaone kuti muli mayiko angati.

Tikutuluka pageti, mayi Felesiya anachepetsa liwiro mpaka ndinawapeza. Anali atanyowa, chitenje chamatope chili m'manja. Anandiuza kuti pambali pa amayi awo patsala malo a munthu mmodzi, ndipo malowo ndi awo.

"Aphunzitsi, inu mumadziwa za malamulo," anatero. "Achimwene alowa chifukwa ino ndi nyengo ya mvula, masamba ndi ambiri. Nanga ine ndikadzafa m'chilimwe, tiyi atauma, mathirakitala ataima, mudzandilowetsa ndi chiyani?"