Ulusi Wakuda wa Ba Ketrina

Dzuwa lisanatuluke, Ba Ketrina, oluka tsitsi la akwatibwi kuno ku Chinyunyu, anali atamukhazika kale Fainess pamphasa. Mkwatibwiyo ankangolira. Mankhwala a m'botolo owongola tsitsi ochokera ku Lusaka anali atamuthothola pakati pamutu, ndipo ukwati unali wa m'mawa womwewo.

"Leka kulira, iwe," anatero Ba Ketrina. "Mwamunayo akukwatira iwe, osati botolo."

Anakulunga tsitsi lotsalalo ndi ulusi wakuda, n'kulipinda m'mwamba mpaka dazi lonse linabisika pansi pa chisoti chokongola cha tsitsi lake lomwe. Fainess atadziona pagalasi anangogwira pakamwa. Apongozi ake anaimba nthungululu, osadziwa kanthu.

Phwando litatha, Ba Ketrina anasisita kamutu ka mwana wanga kumsana, n'kundiyang'ana. "Amake Mapalo, uyu mudzabwere naye kwa ine botolo lisanamukhudze."